Njerwa Zisanu ndi Imodzi pa Msewu wa ku Chelstone

Pa msonkhano wa gulu loyenda m'thengo ndinaona kuti nsapato za aliyense zinali zong'aluka m'mbali, zanga zokha ndizo zinali ndi kapepala ka m'sitolo. Ndinabisa mapazi pansi pa mpando.

Ulendo wake unali wa masiku asanu, kutsika mapiri mpaka ku chigwa cha Zambezi, kopanda netiweki, madzi ndi chakudya pamsana. Chimalizireni koleji ndimangokhala m'nyumba kudikira ntchito yosabwera, ndiye ulendowu ndinaufuna ndi mtima wonse. Amayi sindinawauze. Ndinkati ndiyambe ndalimba miyendo, pakamwa padzalimba pambuyo.

Mtsogoleri wa gululo anati tizolowere kusenza katundu. Loweruka ndinatola njerwa zisanu ndi imodzi kuseri kwa nyumba, n'kuzikulunga m'chitenje choyamba chimene ndinapeza pa chingwe kuti zisandikhule msana, n'kuziika m'chikwama, n'kuyamba kuyenda pa msewu wa ku Chelstone kuno ku Lusaka. Pofika ku Kaunda Square zingwe za chikwama zinali zitandidya mapewa, thukuta lili m'maso, mphuno ikuchucha. Galimoto inaima pambali panga. Bana Mwape, mkulu wa bungwe la amayi kutchalitchi kwathu!

"Tisa! Uyenda kuti na chola chikulu so? Ulila?"

"Awe, nili che bwino."

"Bakupitikisa pa nyumba ba mami bako? Ni mimba?"

Anzanga, munthu wamkulu akakufunsa mafunso awiri nthawi imodzi umayankha liti? Ndinayang'ana pansi monga ndinaleredwera, iwo n'kutenga kuti ndavomera zonse ziwiri.

"Ngena mu motoka. Mwana wa mu mpingo sagona ku stesheni ya mabasi ku Intercity ine nikali moyo."

Panjira anatengako amayi ena awiri. Kunyumba anawakhazika amayi anga pa mpando, ine anandigwaditsa pakati pa balaza, n'kuyamba kundipepesera, wina akatopa wina n'kulandira. Amayi anga anangoti kukamwa yasa, m'manja muli mpeni ndi anyezi.

"Nanga nimupitikisa liti ine? Anakamba ati ayenda kugula airtime!"

"Osakana, bana Tisa, zimachitika. Iwe, chosa vovala ubweze mu nyumba."

Ndinatsegula chikwama. Ndinatulutsa njerwa imodzi, ina, inanso. Chitenje chija, kodi sichinali cha yunifomu ya amayi ya kutchalitchi? Chitafiira, chitabooka pawiri.

Ndinaulula zonse za ulendo wa m'thengo uja ndili chigwadire.

"Mu sanga? Masiku faifi? Na bamuna bamene sitiziba?" anatero amayi motsitsa mawu. "Mimba sembe namvesesa."

Ulendo unathera pomwepo. Sanakalipe, anangoti bola iwo ali moyo, phiri ndidzalionera pa foni.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Ndinalembera mtsogoleri uja pa foni kuti andichotse pa gulu, iye anayankha ndi kachala kamodzi koloza kumwamba. Mapewa anali atatupa moti diresi anandiveka ndi amayi. Nthawi ya maumboni bana Mwape anatenga maiki n'kunena kuti Mulungu anawatuma pa msewu kukabweza mwana wotayika. Za njerwa sanatchule. Anandiimiritsa, mpingo wonse unawomba m'manja, ena akundiyang'ana pamimba.

Kuyambira tsiku limenelo, mu Lusaka muno sindinyamulanso chikwama choposa Baibulo.