Ukwati wa Esinati pa Kakompyuta ka Amalume

Lolemba
Katundu wa amalume a ku Joni wafika. Akufuna aonere ukwati wa mlongo wanga Esinati, Loweruka lino ku Chezi, ali pampando pawo komweko. M'katoni muli kakompyuta kochepa ngati sopo wochapira, khadi yolowetsera zithunzi za kamera m'kakompyutamo, ndi zingwe zambirimbiri. Akuti, "Iwe unaphunzira, ungolumikiza basi." Ndalumikiza. Sikirini yakuda bii!

Lachiwiri
Kakompyuta kakuti khadi sikakuiona. Chonsecho ili pamphuno pake! Mnzanga wokonza mafoni ku Chisepo akuti palibe dalaivala, kapulogalamu kothandiza ziwirizi kumvana. Amayi atola liwu limodzi lokha: "Dalaivala palibe? Nanga akwati akwera chiyani?" Tsiku lathera kufotokoza.

Lachitatu
Lero netiweki ikugwira pachulu cha kumunda wa fodya pokha. Ndaima pamenepo foni m'mwamba, linthumbu likundikwera. Dalaivala walowa, koma akuti sakugwirizana ndi kenelo. Kenelo ndiye ndani? Ndatenga dalaivala wina. Wachiwiriyu akuti ndiyambe ndachotsa woyamba. Woyamba akukana kuchoka.

Lachinayi
Chithunzi chabwera! Koma chobiriwira, chozondoka. Ndayesera pa amayi akusankha mtedza. Amalume pafoni: "Mlongo wangayo akudwala chiyani?" Ndasintha mzere umodzi m'failo ya malangizo a kakompyuta, mtundu wakhala bwino, mawu athawa. Ndabwezera mzere uja. Zonse zathawa.

Lachisanu
Esinati wandipeza pakhonde. "Achimwene, amalume ndi amene anandilera. Aone ndithu." Wanena motsitsa, ndipo ndabwerera pa kakompyuta.
Zoyesa lero:
kuzimitsa ndi kuyatsa,
kuuzira mpweya m'khadi,
chingwe china,
batire la sola la aneba,
Tikuoneni Maria.
Masana chagwira! Chimene chathandiza sindikuchidziwa. Aliyense asayandikire tebulo.

Loweruka
M'tchalitchi zonse zili bwino. Kwaya ikumveka, akwati akulowa, amalume akulira ku Joni. Bambo mfumu ayamba kufunsa Esinati ngati akuvomera, basi chithunzi chaima njii pa akatekisiti akuyasamula! Kakompyuta katentha ngati mbatata yootcha. Ndagwada, ndikukakupiza ndi buku la nyimbo. Meseji ya amalume: "Wavomera?" Nanenso sindikudziwa, mutu uli kunsi kwa benchi. Ndalemba kuti eya.

Lamulungu
Anthu akuti anavomeradi. Esinati sakundilankhula kwenikweni, koma wanditumizira chiwindi cha mbuzi. Ndayatsa kakompyuta kuti nditsanzikane nako ndisanakabwezere m'katoni. Popanda kukhudza kalikonse, kakugwira bwino kuposa masiku onse: nkhuku pabwalo, mthethe wa kuseri kwa khola, phiri lonse, mawu omwe. Amalume akuonera chiyambire m'mawa. Akuti ndisasunthe kamera, papita nthawi asanaone kwawo. Ndawasiya. Ndikupita kwa aneba, ndikawapemphe kuti batire lawo ndibweze mawa.