Maluwa a Pichesi a Tadala

Lolemba, 1 Malichi 2021
Kuno kudziko la eni malire ngotseka chifukwa cha korona, ana a mayi Michiko ali kwawo ku Japan, ndiye nkhani zonse akukhuthulira ine wowasambitsa kunyumba ya okalamba. Akuti pichesi kwawo ndi momo. Mkuja ndi tsiku la ana aakazi: ukaika maluwa a momo ndi zidole m'nyumba, zoipa zimathawa, mwana amapeza banja labwino.
Tadala wanga ali ndi zaka 31. Digiri ali nayo, galimoto ali nayo, mkamwini zii! Zimandiwawa. Ntchito yapezeka!

Lachiwiri
Ine wa ku Dedza, wokulira m'mapichesi, kuiwala kuti maluwa ake amabwera mu Ogasiti! Ku Japan mitengo ikuphukira, kuno zipatso zikutha. Mashopu atatu a maluwa m'tauni, konse andiyang'ana ngati wodwala mutu.
Bambo a Tadala asamve. Ndi mkulu wa mpingo, adzati zithumwa. Si zithumwa, ndi chikhalidwe.

Lachitatu
A Zulu a ku Chipata, oyendetsa thiraki ku Kewdale, andipezera maluwa apulasitiki. "Ni yamene aya amai, osavutika!" Pa shelefu yakuseri kwa firiji ndaika:
- maluwawo
- chidole cha Tadala cha kuubwana
- mwamuna wa chidolecho, kachidole kachimbalangondo ka diso limodzi
- mapichesi asanu, owonjezera mphamvu

Lachinayi
Mayi Michiko aona chithunzi cha shelefu yanga pafoni, aseka mpaka mano oikirira kugwera pa bulangete. Si momo, ndi sakura, maluwa a mtengo wina! Tanthauzo lake: zokoma sizikhalitsa. Mayo ine! Mwana ndamupemphera banja la sabata imodzi.

Lachisanu
Sakura m'bini. Ndikudula maluwa a mapepala, akuoneka ngati makutu a mbewa. Bambo abwera kuchokera kuntchito ku Kwinana, mapichesi onse psiti. "Koma ngotsekemera, mwagula kuti?" Mphamvu yonse ili m'mimba mwa mkulu wa mpingo.

Loweruka
Mayi Michiko: "Zidole unachotsa?" Kuchotsa? Kani zimachotsedwa tsikulo likangodutsa, ukachedwa mwananso amachedwa kukwatiwa! Bwanji osandiuza Lolemba? "Sunafunse." Ndathamangira kunyumba, koma sitima ikuyenda ngati ngolo. Ndikulowa m'nyumba wefuwefu, Tadala waima pa shelefu, kachimbalangondo kali m'manja. "Mum, what is this?" Ndaulula zonse. Waseka mpaka kukhala pansi, kenako wandikumbatira.

Lamulungu
Zidole zakwezedwa pantchito. Tadala waziika pabalaza, pamwamba pa TV, akuti aliyense asazikhudze mpaka amalize digiri yachiwiri ya masitazi. Zaka zitatu. Bambo akuti zakongoletsa nyumba.
Ndazipukuta fumbi. Nanga nditani.