Nkhope ya apongozi inatsala m'makina

Pa moyo wanga ndinajambulapo chithunzi chimodzi chokha, ndipo kuchipongozi kwanga sachitchula ine ndilipo.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa masamu ku mishoni ya Fonte Boa, kwinaku ndikufunsira Malita. Bambo ake, aBiliati, anali asanandivomere. Ankafuna chithunzi choti atumizire mwana wawo wina ku Joni, ine n'kudzitama kuti ndiwajambula.

Apadiri anandibwereka makina awo ojambulira, mutatsala malo a chithunzi chimodzi. Pa diso la makinawo panali kamphete ka manumelo: 4, 8, 11, 16. "Kukakhala dzuwa ika pa 11, kabowo kolowera kuwala kachepe," anatero. (Numelo yaikulu, kabowo kakang'ono? Ndinawayang'ana kawiri, komabe ndinameza.)

Potuluka ndinakumana ndi aSimawu, mmisiri wa matabwa amene ankanyamulira apadiri makinawo.

"Apulofesoli, musakhulupirire zolembazo," anatero. "Chigwereni makinawa pa njinga ku Lifidzi, kampheteko kamangozungulira. Suzumirani m'disomo, muone nokha kabowo."

Ndinawathokoza ndi mano okha. Ndinkadziwa kuti mphwawo ankamufunanso Malita. Munthu wa macheka andiphunzitse ine manumelo? Ndinati apa pali chiwembu, ndipo sindinasuzumire n'komwe.

Lamulungu aBiliati anavala kazako lawo lakuda, jekete lija lopempherera, n'kukhala pampando padzuwa, mudzi wonse ukuonerera. Ndinaika pa 11 ndendende, ndinaonetsetsa katatu, n'kudina.

Patatha masabata asanu chithunzi chinabwera kuchokera ku Tete. Kazako linatuluka bwinobwino. Pamwamba pake panangoti mbee ngati ufa, mutu palibe.

ABiliati anachitembenuza n'kuyang'ana kuseri.

"Apulofesoli, nkhope yanga ili kuti?"

"Ndi kuwala, bambo. Kunalowa kwambiri."

"Kuwala kunasiya kazako n'kusankha ine? Mwaisunga kuti nkhopeyo? Mukufuna muchite nayo chiyani?"

Ndinachita manyazi, mantha n'kuwonjezera. Ndinayesa kufotokoza za kamphete, koma amene akanandichitira umboni anali aSimawu omwewo, ndipo anangoti iwo ndi munthu wa macheka.

Nkhani ya ukwati aBiliati anaiimika chaka chathunthu, ati aone kaye ngati adwale. Malita ndinamukwatira ndithu, ndipo lero chinthu ndimayamba ndachisuzumira ndisanawerenge zolembedwapo. Koma chaka chimenecho ndinawapempherera madalawo kuposa ana awo obereka. Iwo akangotsokomola kumudzi, wowonda ndinali ine.