Tsiku limene ndinayeza njinga ndi bango

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma poti ku Goliati aliyense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Mkazi wanga atamwalira, njinga yathu yamoto inangokhala pakhonde. Chiperoni chinachita zake. Dzimbiri linadya felemu kunsi kwa mpando wam'mbuyo, pomwe iye ankakhala tikamadutsa m'minda ya tiyi popita kutchalitchi. Ana anati ndigule ina. Ine ndinkafuna yomweyo.

A Namakhwa, owotcherera zitsulo, anaigogoda n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, apa palibe pogwira moto. Pezani njinga yakufa yofanana ndi iyi, tidulepo chidutswa."

Anadula bango lolingana ndi malo odyekawo. "Muziyezera ili."

Ndinaganiza zoyamba ndadziwa mtundu wa njinga umene ungagwirizane ndi yanga. Ndinavala jekete langa lakuda n'kupita pa siteji ya kabaza. Ine si munthu wa mawu ambiri. Ndinapereka moni, ndinagwada, ndinayamba kuyeza njinga imodziimodzi.

Macheza anazizira. Ndinati mwina ndi ulemu.

Pa njinga ina panali mwini wake, bambo wojintcha wotchedwa Mukhito, akudya chimanga chootcha. Ndinagoneka bango m'mbali mwa mwendo wake, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mayo ine!" Chimanga chinagwa. "Aphunzitsi, ndakulakwirani chiyani? Ndili ndi ana aang'ono!"

"Musade nkhawa," ndinatero mofatsa. "Sindikutenga lero. Ndikungoyezeratu."

Siteji yonse inabalalika! Wina anaiwala kuti ali ndi njinga, anathawa wapansi atavala helemeti. A Mukhito anabisala kuseri kwa mulu wa matimati, akufuula kuti aitane abusa.

Mayi wina wogulitsa nthochi, amene ankaimba kwaya imodzi ndi mkazi wanga, anandigwira dzanja.

"Abambo, bango adzukulu amayezera chiyani?"

Ndinaliyang'ana bangolo. Ndinali nditaliona ndi maso anga likugwira ntchitoyo, chaka chomwecho, pokumba manda a mkazi wanga.

Ndinawafotokozera mayiwo zonse, za dzimbiri ndi za mpando. Kenako ndinabwerera kunyumba, bango nditalibisa m'jekete.

M'mawa mwake ndinamva "Odi!" Anali a Mukhito ndi anzawo, akukankha wilibala. M'menemo munali felemu ya njinga imene inagundidwa kalekale.

"Tamva nkhani yanu, aphunzitsi. Dulanipo pomwe mukufuna. Malemu akazi anu aja ankatipatsa moni tonse, ngakhale oledzera."

Kuti ndisaoneke m'maso, ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi bango kuti ndione ngati felemuyo ikukwana.

Pakhonde ndinapeza wilibala yokha. Mawu a Mukhito anachokera m'kati mwa munda wa tiyi:

"Yezani tili kuno, aphunzitsi! Wilibala mubweze mawa!"

Poyeza katundu wa anthu amoyo, bwerekani tepi kwa telala.