Kapinga wanga ndi simenti ya alamu

Inu, tamverani. Ine si munthu wokokomeza nkhani. Ndikati kwathu kumatentha, sindinena kuti nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale monga amanamira ena. Ndingoti kumatentha, ndipo mvula imabwera ngati m'bale wolemera, kamodzi pachaka, osakhalitsa.

Malo otere ndi amene ine ndinafuna kuti pamere kapinga wobiriwira. Ndinali nditawerenga buku lonse la kasamalidwe ka kapinga popanda feteleza kapena mankhwala, masamba mazana awiri. Mkazi wanga sanaliwerenge. Iye ankangosesa fumbi m'nyumba katatu pa tsiku.

"Bambo, ndakupatsani miyezi itatu," anatero. "Pakapanda kubiriwira, ndiitana achimwene adzathire simenti bwalo lonseli."

Achimwene akewo ndi mmisiri womanga nyumba, munthu woti akaona dothi lili poyera mtima umamuwawa.

Nditabzala kapingayo, ndinayamba ndi madzi. Buku linati madzi ochapira zovala asatayidwe, athiridwe pa kapinga. Linachenjezanso za mankhwala oyeretsera nsalu, ndisalinamizire, koma ine sindinafunse zimene zinali m'besenimo tsiku lochapa zoyera. Paja safunsa anadya phula. Patapita masiku awiri, kapinga anali ndi zigamba zisanu ndi ziwiri zoyererako, zozungulira bwino, chigamba chimodzi pa ndowa iliyonse.

"Koma wayera," anatero mkazi wanga. "Mankhwala aja ndi enieni."

Ndinapirira. Ndinaphimba nthaka ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Chinyezi sichinathawedi, ndipo chiswe chinamva uthengawo. Chinadya udzu wouma, chinadya wauwisi, kenako chinakwera pakhonde pomwe ndinaiwala buku langa. Sichinadye lonse ayi. Chinadya masamba makumi atatu okha, ndipo mutu wonena za chiswe unali momwemo.

Tsiku lina ndinapeza alamu atawerama pabwalo.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikungowongola miyendo, alamu."

"Ndi tepi yoyezera?"

"Ndimayenda nayo. Ikakhala yokha imasungulumwa."

Apa mantha anandigwira. Kuseri kwa nyumba ndinali ndi dzenje la manyowa lomwe ndinkatayamo makoko, tomato wowola ndi zamkati mwa maungu. Manyowa otere amafuna miyezi yambiri kuti awole bwino. Anga anali ndi masabata atatu, koma ndinawauza kuti akula. Ndinawamwaza bwalo lonse ndi wilibala.

Aneba anasuzumira pampanda atagwira mphuno.

"Akulu, kwafa chiyani kumeneko?"

"Ndi sayansi, aneba."

"Pepani kwambiri. Muikwirire msanga, ife tili ndi alendo."

Koma inu, patatha sabata ndi theka pabwalo panayamba kubiriwira! Ndinkatuluka m'mawa uliwonse manja kumbuyo, kuimba mluzu. Ndinaona ndithu kuti masambawo ndi otambalala kuposa a kapinga, koma munthu ukamira sufunsa dzina la mtengo waugwira. Ndinangothirira, tsopano ndi madzi otsukuluzira okha, nditanunkhiza kaye. Mbewuzo zinakula, zina zinayamba kuyanga, zina zinachita maluwa achikasu.

Miyezi itatu itakwana, alamu anafika ndi matumba a simenti, fosholo paphewa. Atangoponda pabwalo, mlongo wawo anakuwa ali pakhonde.

"Achimwene! Yang'anani poponda, mundithyolera maungu anga!"

"Anu?" ndinafunsa.

"Nanga amene amataya njerezo kukhitchini ndani? Tomato uyu ndi wanganso. Achimwene, simenti bwererani nayo."

Alamu anakhala pathumba limodzi, nkhope itagwa ngati munthu wosiyidwa ndi basi. Ine ndinatukula chifuwa. Bwalo lapulumuka! Ndinayamba kufotokoza modekha ubwino wa manyowa, mpaka mkazi wanga analoza pakona, pafupi ndi mpopi. Pamenepo panali kachigawo kakang'ono ngati kampango, kobiriwira mochititsa kaso. Kapinga weniweni, inu, amene anapulumuka mankhwala, chiswe ndi ine.

"Bambo, udzu uwo ukulanda madzi tomato wanga. Tauzulani."

"Mayi, ameneyo ndiye kapinga uja."

"Eya, ndamuzindikira. Zulani ndi mizu yomwe, amameranso ameneyo."

Alamu anadzuka msangamsanga, nkhope itawala, n'kundipatsa fosholo ndi manja awiri.