A Chirambo ndi Ng'ombe ya Amock

Ku Mhuju aliyense akudziwa kuti malemu a Overton Chirambo, mphunzitsi wopuma wa fizikisi, kukayamba kugunda sankayenda ngati anthu. Ankaphatikiza mapazi n'kumadumpha ngati chule, tayi ili pakhosi. Tsiku lina anadumphira m'ngalande, amayi a Umanyano akutuluka m'tchalitchi. Anadzuka matope mpaka m'makutu.

"Pepani, asambizgi!" amayiwo anawapepesa aphunzitsiwo.

"Pepani wa chiyani? Voteji pakati pa mapazi angawa inali ziro!"

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: mphenzi ikagwa, magetsi amayenda m'nthaka. Utenge mphamvu yake pa mita iliyonse, uchulukitse ndi mtunda wa pakati pa mapazi ako, wapeza voteji yokupha. Pamaliro, paukwati, ngakhale pogula tomato, ankalemba zimenezi pansi ndi nsonga ya ambulera. Ngakhale abusa anadzudzulidwapo chifukwa chotangadza polalikira.

Ndiye mphenzi inapha ng'ombe ya Amock, mnyamata wina wa m'mudzimo, n'kusiya nkhuku zomwe zinali pompo. Anthu anati imeneyi ndi yochita kutumiza, ndipo wotumizayo ndi a NyaHarawa, mayi wamasiye woyandikana ndi a Chirambo, poti mayiyo anakanganapo ndi Amock za malire a munda. Amock anabwera ndi anzake kudzatentha nyumba ya mayiyo, machesi ali m'manja. Anapeza a Chirambo atakhala pakhomo pa mayiyo, atanyamula tepi yoyezera.

"Adada, chokanipo," anatero Amock.

"Sindichoka! Yamba wayeza ng'ombe yako. Mwendo wakutsogolo kufika wakumbuyo, mita ndi theka. Tinene kuti pa mita pali mavoteji chikwi chimodzi. Ng'ombe yalandira chikwi ndi theka. Nkhuku, timiyendo tatalikirana masentimita asanu, yalandira makumi asanu basi. Ufiti uli pati pamenepa? Ndinakuphunzitsa ndine, iwe unkangosinza!"

"Nanga bwanji ng'ombe yangayo?"

"Ohoo, sunamvebe? Khala pansi, tiyambirenso."

Anayambiradi, n'kubwerezanso, mpaka mvula inawapeza pomwepo. Machesi ananyowa, anyamata n'kumwazikana, ena akudumpha mobisa. Nyumba inatsala ili chilili.

Chaka chino mvula yoyamba yagwa a Chirambo kulibe. Kukagunda, anthu amasuzumirabe pazenera, koma mumsewu muli zii. Wina atafunsa a NyaHarawa ngati amawasowa, sanasiye n'komwe kusoka fodya wawo.

"Masamu awo aja sindinatolepo kanthu, ndipo anali osokosa chomene. Koma m'mudzi monse muno mwamuna anali yekhayo."