A Yobe ndi Kabati ya Apongozi

Ku Njombwa kuno munthu akamva kuti a Yobe akubwera, sankathamangira kusesa pabwalo, ankathamangira kubisa zam'kabati. Mmisiri wa matabwa ameneyu anali ndi nthenda imodzi: akalowa m'nyumba, moni ankayamba kupereka kwa zitseko za kabati, eni nyumba pambuyo.

Nthendayi anaitenga Lachisanu, pa 3 Juni 2011, atapita ku Boma kukagula misomali. M'sitolo ina anaona mahinjesi obisika, aja omangira mkati mwa kabati moti kunja suona kanthu. Hinjesi yotere imakhazikika pa kachitsulo kake, ndipo tizitsuloto a Yobe ankatitcha timipando. Kuyambira tsikulo thumba la malaya awo linkangolira akamayenda: timipando topyapyala, tapakati ndi tochindikala.

Chiphunzitso chawo tonse tinachiloweza. Anthu a kuno amagula kabati fodya akagulitsidwa, matabwa atauma gwa. Mvula ikagwa zitseko zimafufuma n'kumagundana pakati, ndiye zimafuna kampando kopyapyala. Dzuwa likabwerera zimaphwa n'kusiya mpata woti mphemvu ilowe ndi alendo ake, ndiye zimafuna kochindikala. "Munthu amasintha malaya ndi nyengo," ankatero, "nanga chitseko chinalakwanji?"

Tsiku lina anapita kukafunsirira mbeta mwana wa mlongo wawo, Amosi. Nkhani ili mkati, a Yobe anadzuka, kugwada, mutu m'kabati ya eni nyumba. Malume a mtsikana anafunsa ngati mnyamatayo ali ndi munda, ndipo yankho linachokera m'kabatimo: "Munda ali nawo. Koma amene anakumangirani ichi ndi mfiti." Ukwatiwo unatheka, ndipo ena amati chifukwa chitsekocho chinatsekeka koyamba.

Kabati imodzi yokha ndi imene inawalaka: ya apongozi awo, a Nankhoma. Anaipanga ndi manja awo, koma banja limenelo linali logwira mwambo. Mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi aakazi, sayang'anana nawo, ndipo akakumana panjira wina amapatukira patchire. Choncho ana atainyamula kabatiyo, a Yobe sanaionenso.

Wovutika anali mkazi wawo, a Faustina. Mwezi sunkatha mayi awo asanatumize uthenga woti chitseko chapendekeka. Akapita kumeneko, a Faustina m'nyumba ndi sikuludiraiva, amuna awo panja atatsamira khoma pansi pa zenera, nkhope italoza kuchigafa cha fodya.

"Faustina, mpatawo ukulowa chala?"

"Uwauze amuna akowo kuti ukulowa nkhuku," ankayankha a Nankhoma ali pamphasa.

"Uwafunse amayi ngati nkhukuyo ili yachikuda kapena yachizungu, ndidziwe kampando kake."

A Faustina sankabwereza chilichonse, popeza awiriwo ankamvana bwinobwino. Nkhani inkachoka pa chitseko n'kufika pa feteleza, pa nyamakazi ya agogowo, pa mlaliki wotalikitsa ulaliki, mpaka mbatata yootcha inkadutsa pazenera. A Faustina mkono ukuwawa, bondo litachita dzanzi, ankadzifunsa ngati anakwatiwa kapena analembedwa ntchito.

Koma a Yobe nkhaniyi inkawadya mumtima. Anzawo pabawo ankawaseka kuti anawongola makabati a mudzi wonse, ya apongozi yokha yawakana. Anayesa timipando tonse, anasintha mahinjesi, anafika poganizira chiswe ndi kupendekeka kwa nyumba. Pomaliza anauza mkazi wawo kuti sadzafa chitsekocho chisanawongoke.

Lonjezo limenelo ndi lokhalo limene sanasunge. Anatisiya Lachitatu, pa 9 Ogasiti 2023, chitseko chili chopendekeka.

Maliro atatha, a Faustina anatenga sikuludiraiva ija kukamaliza ntchito ya amuna awo. Anamanga kamodzi kokha. Mvula inagwa, inatha, chitseko chili chilili. Zinawadabwitsa, ndipo tsiku lina anafunsa mayi awo kuti chavuta n'chiyani poti kabati yachira yokha. A Nankhoma anapisa pansi pa mphasa n'kutulutsa kampeni kosendera mbatata, nsonga yake itapindika ndi kumasula timisomali ta hinjesi.

"Ndimasuliranso ndani?" anatero. "Mwambo unandiletsa kuwaona. Sunandiletse kukhala ndi kabati yowonongeka."

A Faustina anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misoziyo sinaleke.

Masiku ano mvula ikagwa zitseko za ku Njombwa zimagundana, palibe wozifunsa. Anthu anasiya kubisa zam'kabati. Kabati yowongoka m'mudzi monse ndi ya a Nankhoma, koma eni ake saiyang'ana n'komwe. Mphasa yawo anaisunthira pansi pa zenera paja.